Makilo 63 mu Mgolo Wotseka

Nkhaniyi anthu a pafakitale amainena monong'ona, aliyense mmene imamukomera. Ambiri mwa iwo usiku umenewo anali m'mabulangete, akuliza mkonono. Ena ndi omwe aja analira mokweza pamaliro, kenaka n'kukasaina pepala lonena kuti malemu anadzipha okha ndi kusasamala kwawo. Mmene zinayendera ndi umu.

Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chiikireni maliro. Dzuwa litapendeka, Fyuzi anali pakhonde akupukuta nsapato zakale zantchito za bambo ake. Chifukwa chake sankachidziwa. M'nyumba mayi ake ankapinda ovolosi ya malemu bambo akewo, kuipindula, kuipindanso.

Dzina loti Fyuzi anam'patsa ndi anzake a pantchito chifukwa sankachedwa kupsa. Sukulu anailekera pakati. Za magetsi zonse zimene ankadziwa anaziphunzira ataima kumbuyo kwa bambo ake zaka zisanu ndi chimodzi, pa fakitale ya chakudya cha nkhuku.

Bambo akewo anthu ankawatcha a Odi. Anali mmisiri wa magetsi pamenepo zaka 22, ndipo anali ndi kachitidwe kawo. Asanayatse makina alionse ankagogoda katatu ndi sipanala pachitsulo, n'kukuwa kuti, "Odi! Muli munthu?" Akatero ankawerenga mpaka teni asanakhudze batani. Anyamata ankawaseka.

"Madala, mukufunsira banja kwa makina?"

"Sekani," iwo ankatero. "Tsiku lina woyankha adzakhala iwe."

Tsiku limene iwo anali mkati, palibe anagogoda.

Mgolo wosakanizira chakudya ndi waukulu ngati chipinda, ndipo mkati mwake muli mikono yachitsulo yozungulira. Mmisiri akatsegula chivundikiro kuti alowe, kaswitchi kena kamatumiza uthenga ku kontirola, kabokosi kamene kamalamula makina onse, kuti kuno kwatseguka, usazungulire. Tsikulo uthengawo sunafike. Switchi yaikulu yozimitsira magetsi, imene akanaikhoma ndi loko, inali itathyoka chogwirira chaka chathunthu. A Odi analemba makalata atatu za switchiyo, onse anakathera m'dirowa.

Lipoti la kampani linati malemu anasintha okha liwiro la poti 2, polowera uthenga wa kaswitchi kaja pa kontirola, n'kuiwala kubwezeretsa. Analemba ndi Injiniya. Woyamba kusaina ngati mboni anali kapitawo, mng'ono wawo wa a Odi, bere limodzi.

Kapitawo yemweyo ndiye anatulukira pampanda madzulo amenewo, chipewa chili m'manja.

"Waswera bwanji, mwanangu?"

"Nenani zimene mwabwerera, bambo."

Anakhala pansi osapatsidwa mpando. "Mawa eyiti koloko kukubwera oyendera aja a za ngozi kudzatseka nkhani. Abwana akufuna adzapeze kontirola ili bwinobwino. Ukafufute zonse, uikemo zatsopano. Injiniya walemba apa, iwe uzikangotsatira."

"A masatifiketiwo bwanji osachita okha?"

"Mawu achinsinsi ofufutira ankawadziwa ndi achimwene basi. Ndi iwe."

"Ohoo. Ndiye lero ndasanduka munthu. Nanga masana onsewa munali kuti?"

"Masana kuli maso." Kapitawo anayang'ana nsapato zija, n'kuchotsa maso msanga. "Usapse, Fyuzi. Malo a bambo ako akudikira iwe. Mayi akowa aziphika dzina la malemu? Amene wapita wapita."

M'nyumba munamveka mawu a mayi ake, otsika, opanda mphamvu. "Pita, mwanangu. Tatopa nazo."

Fyuzi analowa, n'kutenga chikwama cha bambo ake kuseri kwa chitseko. Munali laputopu yakale yomata ndi tepi pakona, waya wabuluu, tochi, kope lothimbirira ndi girisi, ndi sipanala 17.

Anafika pageti cha m'ma leveni. Mlonda, mkulu wovala majasi awiri, anamuunika kumaso.

"Mwana wa a Odi. Akutuma usiku uno? Lowa, koma ine kumgolo kuja sindikuperekeza. Masiku ano ndimalondera geti basi. Akuba akaufuna mgolowo anyamule, ndiwatsegulira."

"Chavuta n'chiyani?"

"Injiniya akuti mapaipi amalira akamazizira. Kaya. Koma paipi yodziwa kuwerenga mpaka katatu ine sindinaionepo."

"Mkati muli wina?"

"Ine sindinaone munthu," anatero mlonda akuyang'ana kumbali.

M'holo munali fungo la gaga ndi ufa wa nsomba. Getsi loyaka linali limodzi, chakukhomo. Mgolo unali phee pakati, makwerero ake ali m'mbali. Fyuzi sanafune kuuyang'ana koma maso anapita okha. Chivundikiro chinali chotseka, mpiringidzo wake uli m'malo, ndipo tepi yofiira imene oyendera anamata tsiku la ngozi inali pamwamba pake mopingasa, chidindo chili pakati.

Analowa m'kachipinda ka magetsi, kamene windo lake limayang'ana kumgolo. Anatsegula kabati. Kontirola inali pomwepo, kabokosi kotuwa, kakakulu ngati njerwa ziwiri. Pamimba pake pali mabowo anayi olowetsamo mawaya, amene amisiri amati mapoti, ndipo poti iliyonse ili ndi kagetsi kake. Poti 1 imalankhula ndi sikelo imene mgolo unakhalapo. Poti 2 imalankhula ndi kaswitchi ka chivundikiro. Poti 3 ndi waya wokwera ku kompyuta ya Injiniya, mu ofesi ya pamwamba. Poti 4 ndi ya mmisiri, yolumikizapo laputopu.

"Poti iliyonse uipatse zinthu ziwiri, adiresi ndi liwiro," bambo ake ankatero. "Anthu awiri akamacheza, wina akathamangitsa pakamwa, mnzake samva kanthu. Kaswitchi kaja n'kokalamba ngati ine, kamamva 9600 basi. Ukakathamangitsa kamangoti duu. Ndiye kontirola imangokhulupirira mawu omaliza amene inamva, mpaka kalekale."

Ankalemba ndi chala chimodzi, cholozera chija chinaduka nsonga. Chinali cholemera, moti akamalemba 9600, naini ankatuluka kawiri. Ankafufuta mmodzi akutukwana chalacho. Tsiku lililonse, zaka zonsezo.

Fyuzi analumikiza waya wabuluu pa poti 4. Anakhala pandowa yovundikira, laputopu pamaondo. Lamulo loyamba la bambo ake linali lakuti usanakhudze, yang'ana. Analemba lamulo loonetsa mapoti onse, n'kudina.

Mizere inatuluka. Poti 1, sikelo, liwiro 19200, ikuyankha, kulemera 0. Poti 2, chivundikiro, liwiro 19200, palibe yankho. Poti 3, ofesi, liwiro 19200, ikuyankha.

Anauyang'ana nthawi yaitali mzere wachiwiriwo. Ndiye kuti lipoti silinaname pa nambala.

"Bambo," ananong'ona, "munaterodi inu?"

Kagetsi ka poti 3 kankaphethira. Kagetsi kameneko kamaphethira pokhapokha kompyuta ya pamwamba ikakhala yoyaka. Anasuzumira pawindo. Ofesi inali mdima bii. Anaganiza kuti angoiwala kuzimitsa.

Anatambasula pepala la Injiniya. Linali ndi masitepe atatu: fufuta zonse, ika mapoti imodziimodzi, sunga. Analemba mawu achinsinsi. Kontirola inavomera. Analemba lamulo lofufuta zonse, n'kukweza chala.

Go. Go. Go.

Chitsulo pa chitsulo. Sikunali kulira kwa paipi.

Anazindikira kuti milomo yake ikuwerenga yokha. Inafika pa teni. Kunali zii.

Anatenga tochi n'kutuluka. Anazungulira mgolo wonse, kuunika pansi pake, kuseri kwa matumba, pamwamba pa makwerero. Tepi inali momwemo. Fumbi la pa mpiringidzo linali losakhudzidwa. Panalibe ngakhale khoswe.

Atabwerera, lamulo lake lija panalibe. Mzere unali woyera, kachizindikiro kakuphethira poyambira.

Anati mwina bondo lagunda batani poimirira. Anakhala pansi. Analembanso, pang'onopang'ono, akuyang'ana papepala. Atamaliza anachotsa manja kuti apukute thukuta.

Chilembo chomaliza chinazimirira. Kenaka chinzake. Kenaka chinzake. Sizinachoke zonse pamodzi ngati mmene kompyuta imachitira ikasokonezeka. Zinkachoka chimodzichimodzi, mopumira, ngati munthu akufunafuna batani ndi maso otopa.

Manja a Fyuzi anali m'mwamba, onse awiri.

Mzere utayera, zilembo zina zinayamba kubwera. Lamulo losintha liwiro. Poti 2. Kenaka naini. Kenaka naini wina.

Zinaima.

Naini wachiwiriyo anafufutika.

Fyuzi anamva fungo la sopo wofiira uja bambo ake ankasambira m'manja, pafupi, kuphewa lake lamanja. Sanacheuke. Anangoyang'ana nambala ikumalizika, sikisi, ziro, ziro. Batani lalikulu silinatsike, koma lamulo linapita. M'kabati, kagetsi ka poti 2 kanayaka kobiriwira, koyamba chichitikireni ngozi.

Mizere inatulukanso. Poti 2, chivundikiro, liwiro 9600, ikuyankha, chotseka. Poti 1, sikelo, kulemera 63.

Mwezi uliwonse, poyesa sikelo, a Odi ankalowa mu mgolo wopanda kanthu n'kukuwa ali mkati kuti Fyuzi awerenge. "63, ndi nsapato zomwe! Ikasintha ndiye kuti sikelo yanama, kapena mayi ako ayamba kundimana."

Fyuzi anaweramira pa sikirini.

Chala chosaonekacho sichinathe. Chinalemba lamulo lina, lalifupi, limene iye anali asanalionepo. Bambo ake ankakonda kunena kuti kabokosi aka kamalemba zonse ngati mlembi wa pamsonkhano, koma anali asanamuphunzitse kutsegula bukulo. Ankati mawa.

Buku linatseguka. Tsiku lake linali lomwe lija.

Nthawi 10:12, mapoti 1 mpaka 3, liwiro 19200. Lamulo lalowera poti 3.

Nthawi 10:12, poti 2 yasiya kuyankha. Uthenga womaliza, chotseka.

Nthawi 10:41, yatsa mgolo. Lamulo lalowera poti 3.

Anatsitsa mizere, n'kukwezanso, kufunafuna poti 4. Tsiku lonselo poti 4 inalibe mzere ndi umodzi womwe. Bambo ake sanalumikize n'komwe laputopu. Munthu wina anakhala pampando wofewa pamwamba, n'kuthamangitsa mapoti kuti manambala azimufika msanga. Bambo ake anatsegula chivundikiro cha m'ma hafu teni, kaswitchi kakukuwa popanda wokamva. Kenaka munthu yemweyo anayatsa mgolo osadzuka pampando.

Ndiye izi n'zimene anamutuma kudzafufuta. Iye, ndi chala chake, ndi mawu achinsinsi a bambo ake.

Anatulutsa kope n'kuyamba kukopera. Ali pa mzere wachitatu, kagetsi ka poti 3 kanayamba kuphethira mothamanga. Pansi pa sikirini panatuluka mzere watsopano, wonse pakamodzi, wolembedwa ndi zala khumi za munthu wa sukulu. Fufuta zonse. Lamulo lalowera poti 3.

Pamenepo anamvetsa. Mawu achinsinsi aja atsegula kontirola yonse, osati poti yake yokha. Pamwamba panali munthu, atakhala mumdima, akudikira zomwezo.

Kontirola imafunsa kawiri isanafufute. Funso loyamba linatuluka. Yankho la pamwamba linabwera nthawi yomweyo, inde.

Waya wa poti 3 unali womangidwa ndi masikulu awiri, nthawi yomasula panalibe. Fyuzi anaponya kope pansi. Anayamba kulemba lamulo lotseka poti 3. Chala chinaterereka, chinalemba 2. Anafufuta. Funso lachiwiri linatuluka. Analemba 3. Anamenya batani mwamphamvu mpaka laputopu inadumpha pamaondo.

Kagetsi ka poti 3 kanazima.

Funso lachiwiri lija linatsala lopanda woliyankha. Fyuzi analiyankha yekha kuti ayi. Analemba lamulo losunga, kuti ngakhale magetsi athime poti 3 idzuke yotseka. Anatsegulanso buku. Mizere itatu ija inalipo.

Kenaka anamva chitseko cha pamwamba. Mapazi pa masitepe achitsulo, akutsika mofulumira.

Injiniya anaima pakhomo la kachipinda. Anali mwamuna wonenepa bwino, wa perefyumu, makiyi a galimoto ali palamba. Pamaliro ndiye anawerenga mawu a kampani, mpaka kupukuta maso ndi mpango.

"Iwe, watseka poti yanga."

"Mumakhala mumdima, bwana? Magetsi alipo."

"Itsegule. Kapena fufuta wekha mmene ndalembera, uzipita ukagone."

"10:41," Fyuzi anatero. "Poti 3. Munagogoda?"

Injiniya anayang'ana pa sikirini. Nkhope inasintha. "Lole inali ikudikira panja kuyambira m'mawa! Pa kompyuta pankaonetsa kuti chotseka. Ndikanadziwa bwanji? Ndani masiku ano amatsika masitepe onsewa kudzamenya chitsulo ngati wamisala?"

"Bambo anga."

"Eya, ndiye ali kuti?" Anapuma, n'kutsitsa mawu. "Tamvera, aise. Inali ngozi. Ine ndili ndi ana awiri. Bambo akowo lipoti silingawapweteke, agona. Komanso ukuganiza kuti akhulupirira ndani? Ine, kapena iwe amene umalemba dzina lako lilime lili panja?"

"Akhulupirira kabokosika."

Injiniya anasuntha kulunjika kukabati. Fyuzi anadziwa kuti akufuna kabatire kakang'ono kamene kamasunga bukulo. Anaimirira, n'kutseka kabati ndi msana wake. Sipanala 17 inali kale m'manja.

Go. Go. Go.

Injiniya anadzidzimuka, makiyi n'kulira palamba. "Wabwera ndi ndani? Wabisa munthu kuti azimvetsera?"

"Ndabwera ndekha."

"Bodza! Ndi mlonda uja? Ndimuonetsa." Anatsomphola tochi pa tebulo n'kutuluka.

Fyuzi anayang'ana pawindo. Kuwala kwa tochi kunadutsa m'holo, kuzungulira mgolo, n'kuyamba kukwera makwerero. Kutafika pamwamba kunaima. Anamva Injiniya akuti, "Ndani?" Mawu ake anali aang'ono. Tochi inazima.

Sipanamveke kugwa. Sipanamveke kukuwa. Ngakhale mpiringidzo, umene umalira mpaka kugeti, sunalire.

Pa sikirini, poti 2 inati chotsegula. Sikelo inachoka pa 63 n'kufika pa 147. Poti 2 inati chotseka.

Pansi pake kontirola inalemba mawu amene imalemba zonse zikakhala bwino, kuti mgolo wakonzeka.

Fyuzi anakhala pandowa paja. Anakumbukira bokosi la maliro limene linabwera lokhomeratu, ndi kapitawo akumugwira mkono kuti usatsegule, mwanangu, usatsegule. Anakumbukira mpango wa Injiniya. Anakumbukira mayi ake akupinda ovolosi yopanda munthu.

Lamulo loyatsa mgolo ndi lalifupi. Ankalidziwa ngakhale kutulo. Analilemba.

Lipoti lake ankaliona kale. Malemu analowa okha mu mgolo usiku, popanda chilolezo. Anthu a pano kusaina sawaphunzitsa.

Anaika chala pamwamba pa batani, n'kudikira. Ankadikira kuti zilembo ziyambe kufufutika ngati poyamba paja. Anadikira mpaka mkono unatopa. Palibe chilembo chinasuntha. Fungo la sopo lija linalipobe kuphewa kwake, koma palibe anamugwira dzanja. Anamusiyira yekha.

"Bambo, nenani kanthu."

Zii.

Anayang'ana pansi. Dzanja lamanzere linali likadagwira sipanala. Zaka zisanu ndi chimodzi sanaonepo makina akuyatsidwa mwanjira ina, ndipo thupi lake silinkadziwa njira ina. Anaimirira. Anapita pa paipi yaikulu imene imadutsa pakhoma kupita kumgolo. Anaimenya katatu.

"Odi!" Mawu anatuluka osweka. "Muli munthu?"

Anayamba kuwerenga. Wani. Thu. Mumtima ankapempha kuti afike pa teni popanda yankho. Izi sabisa, ndipo sachita nazo manyazi. Sikisi. Seveni.

"Ndilimo." Mawuwo anabwera kudzera m'paipi, opyapyala ngati a mwana. "Chonde, ndilimo. Ndilimo."

Fyuzi anatsamira khoma. Analira pamenepo, kulira kumene kunamukanika pamanda. Atatha anabwerera pa laputopu n'kufufuta lamulo lija chilembo chimodzichimodzi.

Asakunamizeni kuti anamukhululukira. Munthu wayankha, ndiye makina sayatsa. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Chivundikiro sanakatsegule. Tepi inali ya oyendera, ndipo iye ndi munthu wosaphunzira, sangadule chidindo cha eni ake. Anakhala pansi, msana pakabati, sipanala pamiyendo. Usiku wonse mu mgolo munkamveka kugogoda kwa zibakera, kenaka kuchonderera, kenaka mawu otsika ngati a munthu amene akuyankha mafunso.

Eyiti koloko itakwana anafika onse, abwana aakulu, kapitawo, ndi oyendera awiri, wamkulu wawo mayi wa magalasi. Anaima pakhomo la holo atamva phokoso la mu mgolo. Mayiyo anakwera yekha makwerero. Anayang'ana tepi, n'kuyendetsa chala pachidindo. Anajambula mpiringidzo ndi fumbi lake. Kenaka anadula.

Injiniya anali atadzipinda pakati pa mikono yachitsulo, woyera mbuu ndi fumbi la gaga, nsapato imodzi palibe. Anamutulutsa anthu atatu. Sankayang'ana munthu. Ankangowerenga kuyambira wani mpaka teni, akafika pa teni n'kuyambiranso.

"Mwalowamo bwanji, bwana?" anafunsa kapitawo.

"Akuti ndiwerenge," anatero Injiniya. "Akuti sindinawerenge."

Mayi wa magalasi analowa m'kachipinda n'kupeza Fyuzi ali pomwe paja. "Inu ndinu ndani, ndipo mukutani muno?"

"Ndine mwana wa amene munalemba kuti anadzipha okha. Khalani apa muwerenge."

Analemba lamulo lija analiona usiku. Mayiyo anawerenga mizere itatuyo kawiri, n'kuitana mnzake. Abwana aakulu anayamba kuyang'ana foni yawo. Kapitawo anatuluka panja, akuti kukasuta.

Asanatseke laputopu, mayiyo analoza mzere wa pamwamba. "Nanga iyi? Mu mgolo mulibe kanthu, koma sikelo ikuti 63."

"Yawonongeka imeneyo," anatero abwana aakulu msangamsanga. "Tisintha."

Patatha milungu isanu kunabwera kalata ya mizere inayi, yonena kuti malemu sanalakwe. Mayi ake a Fyuzi anaiika m'thumba la ovolosi ija, ndipo kuyambira tsikulo anasiya kuipindula.

Zina zonse zinayenda mmene zimayendera. Injiniya abale ake anamutenga kuti akapume, ndipo akuti pano ali pa kampani ina, mu ofesi yozizira. Abwana aakulu ndi omwewo. Chogwirira cha switchi yaikulu anachikonza oyendera atangochoka, mawa lake lomwelo, ntchito ya mphindi 20. Fyuzi anachotsedwa ntchito chifukwa cholowa pamalo otsekedwa usiku popanda chilolezo. Mboni pa kalata yomuchotsayo inali kapitawo. Siginecha yawo ndi yokongola, ayizolowera.

Anthu amanong'ona. Ena akuti Fyuzi anam'kankhira mkati munthuyo n'kutseka. Akafunsidwa za tepi ndi fumbi amasintha nkhani. Mlonda akuti iye sanaone kanthu, koma anapempha kuti amusinthire ku ntchito ya masana. A shifiti ya usiku akuti sikelo anaisintha kawiri, koma mgolo ukangotsala wopanda kanthu pamakhala nthawi zina pamene nambala imakana kutsika pa ziro.

Mgolo masiku ano amayatsa ndi kapitawo. Palibe anawalamula, koma amanyamula sipanala m'thumba. Amagogoda katatu, n'kufunsa ndi mawu aang'ono ngati muli munthu. Anyamata saseka. Iwo amawerenga mpaka teni atatembenukira kukhoma, kuti maso asagwere pa sikelo. Akuti pofika pa seveni, amaima kaye n'kutchera khutu.